Kamphete Kamene Ndinadula

Kunkayamba ndi kutsokomola kawiri, koyamba kwakufupi, kwachiwiri kokoka ngati mpando ukukwekwesedwa pasimenti. Kenako zii. Kenako mawu aja: "Iwe, wadya?" Zii winanso, wa munthu amene akudikira yankho. Ndiye pomaliza, motsitsa, ngati akuuza wina wapambali: "Sakuyankha uyu."

Amenewa anali mawu a agogo anga. Koma ine ndinkawamva pakhonde la nyumba ina ku Rosebank, mumzinda wa Joni, akutuluka pamlomo wa chinkhwe chotuwa cha mchira wofiira.

Makolo anga anamwalira motsatizana ndisanayambe sukulu, ndipo amene anandilera ndi agogo, amayi awo a mayi anga, ku Ntcheu. Sanali munthu wa nkhani. Ankagulitsa tomato ndi kabichi m'mbali mwa msewu waukulu, ndipo dzuwa linkatha kulowa titalankhulana mawu osakwana khumi. Ndikabwera kusukulu nditamenyedwa, ankayang'ana chotupacho n'kufunsa ngati ndadya. Tsiku limene ndinalephera mayeso a folomu folo funso linali lomwelo. Kwa iwo ndinaphunzira kukhala chete ndi kuyang'ana.

Nditafika ku Joni ndinayamba ndi maganyu a zomangamanga cha ku Diepsloot, kunyamula njerwa ndi kukanda simenti. Amene ananditulutsa kumeneko anali bambo ena a ku Machinga, amene anandimva mutekisi ndikuyankha foni m'Chichewa. Anali atagwira ntchito ya m'gadeni ku Rosebank zaka zambiri, ndipo nyumba yoyandikana ndi ya abwana awo inkafuna munthu. Ndinkawatchula kuti amalume ngakhale panalibe chibale. Iwo ankanditchula kuti mwana wa agogo, chifukwa akandifunsa za kumudzi ndinalibe munthu wina womutchula.

Adona amene ndinkawagwirira ntchito anali mzungu wokalamba, wamasiye, wa maso ofooka. Mwana wawo mmodzi yekha, wamkazi, ankakhala kutsidya kwa nyanja. M'nyumba monsemo munali iwo ndi chinkhwe chija, chimene malemu amuna awo anagula kalekale. Khola lake la mawaya linali lalitali kundiposa. M'mawa uliwonse ndinkalikankha pa timatayala take kupita nalo pakhonde, dzuwa likapendeka n'kulibweza. Chinkadziwa kulira ngati belu la pageti, ngati maikulowevu ikamaliza, ndiponso kuseka ngati mwamuna wonenepa, kuseka kumene adona ankati ndi kwa amuna awo. Sabata yoyamba chinandiluma chala mpaka magazi. Sindinakuwe ndipo sindinachimenye. Ndinangoima n'kumachiyang'ana, nachonso n'kumandiyang'ana ndi diso limodzi, chitapendeketsa mutu. Kuyambira pamenepo tinamvana. Nsalu yophimbira khola itang'ambika, ndinatenga chitenje chimene agogo anandimangiramo mtedza tsiku limene ndinkanyamuka, chikhale chophimbira.

Agogo analibe foni. Aphunzitsi ena aakazi oyandikana nawo ndiwo ankawajambula mawu Lamlungu akaweruka kutchalitchi, n'kunditumizira. Koma agogo sanamvetsepo kuti mawu angathe kuyenda okha popanda munthu kumbali inayo. Ankatsokomola, n'kufunsa funso lawo, n'kudikira. Akaona kuti palibe yankho, ankatembenukira kwa aphunzitsiwo n'kudandaula kuti sindikuyankha. Aphunzitsi ankamveka akuseka chapansipansi n'kuwauza kuti angolankhula, ndidzamva. Apo m'pamene ankanena za mvula ndi za nkhuku imene yagwidwa ndi mphamba. Uthenga uliwonse unkayamba chimodzimodzi. Ndinkautsegula m'mawa ndikukolopa pansi pa khola, foni nditaiika patebulo, n'kuubwereza kasanu kapena kupitirira. Sindinaganize kuti pali wina akumvetsera.

Tsiku lina ndikuthirira maluwa ndinamva agogo akutsokomola kumbuyo kwanga. Ndinapisa dzanja m'thumba, foni inali phee. Funso litabwera ndinataya payipi, madzi n'kumathamangira pakhonde. Amalume anali atasuzumira pampanda, chikofia chili kumutu, ndipo anaseka mpaka kutsamira khoma.

"Mwana wa agogo, akulondola mpaka kuno. Ayankhe msanga, angakwere basi."

Ndinayankhadi. Ndinaima patsogolo pa khola, nsapato zili chinyowere, n'kunena kuti ndadya, agogo. Kuyambira tsiku limenelo ndinkayankha nthawi zonse.

Pamwendo wakumanja wa chinkhwecho panali kamphete kachitsulo, kopanda polumikizira, kolembedwa timanambala. Kankagunda pawaya chikamakwera. Ine ndinkakaona ngati kansanza kamene agogo ankamanga pamiyendo ya nkhuku zawo kuti zisasokonekere ndi za eni. Kwathu kansanzako kakayamba kudya mwendo umangodula, mwendo ukapola n'kumanga kena. Imeneyo inali ntchito yanga ndili mwana, ndipo panalibe wopempha chilolezo kwa wina.

Mwezi wina wa Disembala adona anapita kukacheza kwa mwana wawo milungu isanu ndi umodzi, n'kundisiyira nyumba. Sabata yachiwiri ndinaona chinkhwe chikuima ndi mwendo umodzi, chikujompha kamphete kaja. Ulusi wa chingwe chake choseweretsa unali utalowa pansi pa kampheteko, mwendo n'kutupa mpaka chitsulo kuyamba kubisika m'mnofu. Nambala ya dokotala wa ziweto inali yomata pachitseko cha firiji. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Ndinaganiza za Chingerezi changa, za mafunso amene angandifunse, za kuti adzanena kuti ndalephera kusamala mbalame ya eni. Kenako ndinakabwereka chodulira mawaya kwa amalume. Tinakulunga chinkhwe m'thaulo, iwo n'kugwira mutu, ine n'kudula. Chinalira kulira kumene ndinali ndisanakumvepo, kosatengera belu kapena munthu, kwakekwake. Ndinatsuka bala ndi madzi amchere. Patatha sabata chinali kukwera mawaya ndi miyendo yonse iwiri.

Kamphete ndinakaika m'bokosi la machesi. Adona atabwera sanaone kanthu, maso awo aja. Ndinakonza kangapo mawu oti ndiwauze, koma mbalame inali bwino, ndipo ine ndinakula ndikudziwa kuti chilonda chikapola sachikambanso. 

Agogo anamwalira m'nyengo yozizira ya chaka chotsatira. Aphunzitsi anandiimbira Lachiwiri m'mawa, ndipo pofika Lachitatu masana anali ataikidwa kale. Basi yochokera ku Joni imayenda masiku awiri. Adona anandipatsa tsiku lopuma, koma ndinapezeka ndakhala pakhonde pomwepo chifukwa ndinalibe kwina kopita. Chinkhwe chinatsokomola kawiri n'kufunsa. Tsiku limenelo sindinachiyankhe, ndipo chinamaliza mawu ake monga mwa masiku onse.

Patatha miyezi iwiri foni yanga inatsomphoredwa masanasana pamalo okwerera matekisi m'tauni. Nditapeza ina, mauthenga akale sanabwerere. Ndinaimbira aphunzitsi aja, ndipo anapepesa, nati ankafufuta akangotumiza chifukwa foni yawo inkadzaza msanga. Choncho padziko lonse mawu a agogo anatsala malo amodzi okha. Sizinandibwerere m'mutu kuti ndijambule chinkhwecho. Adona ankakonda kunena kuti mbalame zimenezi zimakhala zaka zambirimbiri, kuti iyi idzatiika m'manda tonse awiri, ndipo ine ndinadalira mawu amenewo.

Zaka ziwiri zinadutsa choncho. Kenako adona anagwa m'bafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Mwana wawo anabwera, ndipo pasanathe milungu itatu zonse zinadziwika. Adona apita kunyumba yosungirako okalamba kumene salola ziweto, nyumba igulitsidwa, ine ntchito itha pakutha pa mwezi. Nditapita kukawaona kuchipatala anandigwira dzanja n'kuuza mwana wawo kuti mbalame ija ndi yanga, chifukwa ndine ndekha amene imandilola kuikanda pamutu, komanso imalankhula chinenero changa. Sankadziwa kuti mawuwo ndi a ndani. Ndinali ndisanawauzepo.

Ndinaganiza zobwerera ku Ntcheu. Nyumba ya agogo inali chiimire, ngakhale denga linkadontha, ndipo manda awo ndinali ndisanawaone. M'maganizo ndinkaona khola lili pakhonde lija lozira ndi dothi lakuda, agogo akutsokomola pamalo pomwe ankasankhira tomato.

Mwana wa adona sanali munthu woipa. Anati wavomera, koma zichitike mwalamulo, sakufuna kuti ine kapena amayi ake tipezeke pamlandu. Anafufuza m'makabati monse mapepala ogulira mbalameyo, osawapeza. Kenako anati zisandidetse nkhawa, nambala ili pakamphete, woweta amene anagulitsa apezeka. Anawerama pakhola, n'kuyang'ana mwendo uwu, n'kuyang'ana winawo. Ndinapita kukachipinda kanga kuseri n'kubwera ndi bokosi la machesi. Atatsegula anakhala pansi pasitepe. Anafunsa kuti zinachitika liti, ndipo nditamuuza anafunsa ngati dokotala analemba chilichonse. Ndinati dokotala sanabwere.

Anandilembera kalata yoti ndipite nayo kuofesi ya boma yoona za nyama ndi zachilengedwe. Amalume anandiperekeza chifukwa Chizulu chawo n'choyenda, changa chimatsimphina. Amene anatilandira anali mayi achikulire, magalasi atawapachika pachifuwa. Malamulo amenewa sindiwadziwa onse, ndikungonena momwe mayiwo anatifotokozera, amalume akumasulira pamene ndasochera. Anati zinkhwe zotuwa zikutha m'nkhalango za kumene zimachokera chifukwa anthu amazitchera n'kuzigulitsa, ndiye maiko anagwirizana kuti mbalame yotere isadutse malire popanda chilolezo cha mbali zonse ziwiri. Kuti chilolezo chituluke pamafunika umboni woti mbalameyo inaswedwa m'manja mwa oweta, siinagwidwe kutchire. Kamphete kopanda polumikizira amakalowetsa mwanapiye ali ndi masiku ochepa, phazi lisanakule. Likakula sikatulukanso, ndipo mbalame yaikulu sungaiveke. N'chifukwa chake kamakhala umboni.

Ndinaika bokosi la machesi patebulo. Anavala magalasi, n'kutenga kamphete ndi nsonga za zala, n'kukatembenuza pamene ndinadula paja.

"Achimwene, n'kodulidwa aka. Ndidziwa bwanji kuti kanachoka pamwendo wa mbalame imeneyo? Ena amadula pambalame yakufa n'kubwera nako kuno."

Amalume anayamba kulumbira kuti analipo, kuti mutu wa mbalameyo anaugwira ndi manja awo omwewa, n'kuonetsa chipsera pachala chachikulu. Mayiwo anamwetulira, nati akuwakhulupirira, koma chipsera sachiika mufayilo. Kenako ananena zimene ndimazimvabe mpaka lero. Anati ndikanaitana dokotala tsiku lija, akanadula yekha, n'kulemba kalata, n'kuika kachipangizo ka nambala pansi pa khungu, ndipo bwenzi tikukamba zina. Ngakhale patatha mwezi, bala likuonekabe, mwina zikanatheka. Anafunsa chifukwa chake sindinauze adona. 

Anafunsanso kuti ndikanati ndikhale nayo kuno konkuno, ndikanaisunga kuti. Kachipinda kanga kankapita limodzi ndi nyumba. Malo amene ndikanapeza anali m'fulati ina ku Doornfontein, momwe anthu asanu ndi awiri anagawana chipinda ndi makatani, sitovu ya palafini ili pakati. Mayiwo anapukusa mutu. Anati utsi wokhawo ungaiphe mwezi usanathe, ndipo oyendera ziweto akaipeza mmenemo sangaisiye.

Titatuluka amalume anagula magwinya awiri, mandasi a kumeneko, pangolo, n'kundipatsa limodzi.

"Mwana wa agogo, malamulo amenewa ndi a anthu okwera ndege. Ife timakwera basi."

Ankadziwa munthu wina wonyamula katundu wa Amalawi, amene amati amadutsitsa chilichonse, mafiriji, njinga, ngakhale mabokosi a maliro. Tinamupeza m'bwalo lina ku Doornfontein komweko akumanga matumba pangolo ya basi. Atamva nkhani yathu sanadabwe. Analowa m'kanyumba n'kutuluka ndi chidutswa cha payipi ya pulasitiki, chachikulu ngati mkono wanga, chobooledwa timabowo. Anati mbalame imalowa mmenemo mapiko atapindidwa, amatseka mbali zonse ziwiri, amaimwetsa kamankhwala kuti igone isachite phokoso pamalire, n'kuibisa pakati pa mabulangete. Ndinafunsa ngati zimafika zamoyo. Anakweza mapewa, nati zina zimafika.

Ndinatenga payipi ija n'kusuzumiramo. Masiku awiri, malire atatu, ndi kutentha kwa ku Tete pakati. M'kati munali kununkha zitosi zakale. Ndinaganiza za chinkhwe chitatsitsimuka mumdimamo, chikufunsa ngati ndadya, n'kudikira. Ndinabweza payipiyo kwa mwiniwake, n'kuthokoza.

Tinakwera tekisi mpaka kuyandikira potsikira. Apo m'pamene amalume ananena, akuyang'ana pawindo, kuti ndikanavomera akananditukwana pamaso pa anthu. Anati amafuna ndione ndekha, kuti ndisadzakhale ku Ntcheu ndikuti panali njira koma amalume anandibisira.

Mwana wa adona anapeza malo osungirako mbalame kunja kwa mzinda, amene ali ndi chilolezo cholandira mbalame zopanda mapepala. Anati anthu a kumeneko adzabwera kudzaitenga pakatha masiku asanu ndi anayi. M'pamene ndinayamba kujambula.

Koma chichokereni adona, ndi anthu achilendo akulowa ndi kutuluka atanyamula mipando, chinkhwe chinali chitasiya kulankhula. Chinayamba kudzizula nthenga za pachifuwa, mpaka khungu kuonekera. Ndikachilozetsa foni chinkathawira pakona ya khola n'kufufuma. Ndinayesa kuibisa mumphika wa maluwa n'kuisiya ikujambula m'mawa wonse. Ndinayesa kuthirira maluwa nditachifulatira, monga tsiku loyamba lija. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinaima pakhola n'kutsokomola kawiri, koyamba kwakufupi, kwachiwiri kokoka, kuti mwina ndichikumbutse. Amalume anandimva pampanda. Tsiku limenelo sanaseke, anangotsika pamakwerero awo mwakachetechete. Zimene ndinajambula m'masiku onsewo ndi belu la pageti kawiri ndi kuseka kwa mzungu amene sindinamuonepo. Ndikadali nazo.

Lachisanu m'mawa kunabwera mayi wachitsikana wa kumalo aja, pagalimoto yoyera, atanyamula kabokosi ka timabowo. Anali waulemu, ndipo ankalankhula pang'onopang'ono kuti ndimve. Anati kumeneko kuli zinkhwe zotuwa zambiri, m'khola lalikulu loti zimauluka, ndipo nthenga zidzameranso. Ndinafunsa ngati zimaiwala zimene zinaphunzira. Anazengereza kaye, kenako anati mawu amene sizikuwamvanso, amene palibe woziyankha, kawirikawiri zimawasiya pang'onopang'ono n'kutola za anzawo. Ndinafunsa ngati ndingamapiteko. Anati miyezi yoyamba mbalame yatsopano imakhala payokha, alendo saloledwa. Ine ndinkadziwa kuti miyezi imeneyo ikamatha ndidzakhala nditawoloka malire.

Ndiye ndinamupempha chinthu chimodzi. Ndinati akadzamva chikutsokomola kawiri n'kunena mawu amene sakuwamva, adzayankhe, asachisiye chikudikira. Anafunsa kuti ayankhe kuti chiyani.

"Ndadya, agogo."

Anayesa, lilime n'kumukanika. Anayesanso. Kenako anatulutsa cholembera n'kulemba kuseri kwa dzanja lake, ine ndikumutchulira chilembo chimodzichimodzi. Sanafunse tanthauzo lake, ndipo ndinamuthokoza mumtima.

Chinkhwe chinakana magulovu ake, n'kumakuwa. Ndinamuuza kuti aime patali. Ndinatsegula khola n'kulowetsa dzanja, ndipo chinakwera pamkono panga monga mwa masiku onse, n'kuweramitsa mutu kuti ndichikande. Ndinachikanda nthawi yaitali, mayiyo akuyang'ana kumbali. Pamwendo paja panali patatsala kamzere koyera, kosalala, kopola bwinobwino. Ndinachilowetsa m'kabokosi ndekha, n'kutseka ndekha, n'kuphimba ndi chitenje cha agogo kuti chisaone njira.

Mayiyo ananyamula kabokosi kupita kugalimoto, ine ndili pambuyo. Akukaika pampando wakumbuyo, m'kati mwa chitenjemo munamveka kutsokomola, koyamba kwakufupi, kwachiwiri kokoka. Foni inali pawindo la kachipinda kanga kuseri. Sindinasunthe. Ndinaima ndikudikira funso, yankho lili kale pakamwa, koma chitseko chinatsekedwa zii uja asanathe.

Anazungulira kupita kumbali yoyendetsera, kenako anaima ngati wakumbukira kanthu. Anatsegula chitseko cha mbali inayo, n'kuwerama, n'kutulutsa chitenje chija. Anachipinda kanayi pachifuwa pake akubwera kwa ine. Anati andikhululukire, nsalu za kunja saloledwa kulowa nazo chifukwa cha matenda, ali ndi zophimbira zawo. Anachiika m'manja mwanga, chikadali chofunda, n'kulowa m'galimoto. Belu la pageti linalira, geti n'kutseguka, ndipo anapita.